Umphawi wa Papepala

"Ntchito? Inuyo? Muno?" anafunsa a Boyd, bokosi la misomali likadali paphewa. Analitula pansi n'kuyamba kuseka mpaka kugwirira shelefu. "Si inu munatitsanzika kufakitale kuja mukuti belu la munthu simudzalidzukiranso? Munatigulira ndi keke yomwe, kuti ife amphawi tizidya tikusirira!"

"Tsitsani mawu, achimwene," anatero a Lyle Unruh, akuyang'ana uku ndi uku kuopa kuti wina wakutchalitchi angatulukire kuseri kwa mapaipi. "Za malipiro sindikuwerengera. Kaya n'kusesa, ndisesa. Chimene ndikufuna ndi inshulansi ya kuchipatala basi."

Kuseka kwa a Boyd kunathera panjira. Awiriwa anagwira ntchito moyandikana zaka makumi awiri a Boyd asanapite kukayang'anira sitolo ya zipangizo zomangirayi, ndiye nkhope ya mnzawo ankaidziwa bwino.

"Ndi za alamu, eti?"

A Lyle anavomera ndi mutu.

"Aaa, pepani. Inshulansi timapatsa okhawo ogwira sabata yathunthu, ndipo malo otero sapezeka mpaka alimi atayamba kudzala. Ngakhale nditakulembani lerolero, pamadutsa miyezi itatu isanayambe kugwira ntchito. Diripi yawo yotsatira ndi ya liti?"

"Pa 8 Januwale."

A Boyd anakanda m'mutu. Potuluka a Lyle anagula kapaketi ka misomali kamene analibe nako ntchito, kuti aliyense wowaona aziti anadzagula zinthu. Kunja kunali mphepo yozizira ya mu Disembala, ija yodutsa m'minda ya tirigu ya ku Kansas popanda ndi mtengo womwe woitchinga. Anakhala m'galimoto nthawi yaitali asanailize.

A Lyle sanali munthu wosauka, ndipo tauni yonse inkadziwa zimenezo. Anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zitatu pafakitale yopanga zitsulo za makina okololera, ndipo mwezi uliwonse ankapatula gawo la malipiro n'kugula masheya. Anzawo ankasintha magalimoto, iwo ankasintha matayala okha. Masheyawo sanagulitsepo ngakhale imodzi. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anaimirira pabwalo la kwawo n'kumaonerera anthu akupikisana mitengo pa thirakitala ya bambo awo, kenako ng'ombe, kenako munda womwe, chifukwa cha ngongole ya kubanki. Kuyambira tsiku limenelo anadziuza kuti chinthu chimene chikuwabweretsera ndalama sadzachitulutsa m'manja.

Mu Juni wa chaka chapitacho anasiya ntchito. Anali atawerengera zonse: nyumba inalibe ngongole, kubanki kunali ndalama zodyera zaka zingapo, ndipo masheya ankatulutsa kaphindu miyezi itatu iliyonse. Inshulansi ya kuntchito anaitenga, lamulo linkalola kuti apitirize nayo chaka ndi theka malinga azilipira okha. Tsopano chaka ndi thekacho chinkatha pa 31 Disembala. Inshulansi ya boma ya okalamba imayamba munthu akafika zaka 65, pamene iwo anali ndi 60, akazi awo a Glenda 58.

Ndipo a Glenda anali ndi nyamakazi yoopsa. Kamodzi pamwezi ankapita kuchipatala ku Wichita kukalandira mankhwala a m'diripi. Akawalandira ankakhala munthu ngati wina aliyense. Nthawi ina atachedwa milungu iwiri yokha, zala zinatupa n'kupindika moti a Lyle ndi amene ankawamangira mabatani ndi kuwatsegulira mpopi. Popanda inshulansi, diripi imodzi inali madola oposa 4,000.

Kumapeto kwa Novembala a Lyle anakhala pakompyuta n'kutsegula tsamba la boma logulirapo inshulansi, mtima uli m'malo. Ankadziwa kuti opeza zochepa boma limawalipirirako gawo lalikulu. Fomu itafunsa zimene akuyembekeza kupeza chaka chamawa, analemba monyadira madola 11,300, phindu la masheya lokhalokha. Ndalama zimene ankatapa kubanki zinali zawo kale, sizinkawerengedwa ngati zopeza. Imeneyi ndiyo inali nzeru yawo: kudya bwino koma papepala n'kumaoneka mmphawi, msonkho osawakhudza. Kompyuta inaganiza pang'ono n'kuyankha kuti thandizo palibe, alipire okha madola 2,260 pamwezi.

Anayesa kuti alakwitsa polemba, n'kuyambiranso. Yankho lomwelo. Kachitatu anatsitsa nambala ija kufika pa 9,000, poganiza kuti mwina umphawi wawo sunakwane. Osasintha. Anatenga pensulo n'kuona kuti pamtengo umenewo ndalama za kubanki zikanatha zaka ziwiri ndi theka zisanakwane. Anatseka kompyuta, ndipo masiku khumi ndi awiri anayenda nazo mumtima osauza akazi awo.

Atafika kunyumba kuchokera kusitolo anapeza a Glenda akutulutsa mabanzi a nyama ndi kabichi mu uvuni.

"Takulandirani, bambo wantchito," anatero osacheuka. "Ndamva kuti mukuyamba kusesa. Zikomo kwambiri. M'nyumba muno zaka makumi atatu ndi zisanu, pamene pamakhala tsache simupadziwa."

"Boyd ameneyu pakamwa pake mpobooka."

"Si iwo. Ndi akazi awo, andiimbira musanatuluke n'komwe pamalo oimika magalimoto. Takhalani pansi mundiuze bwinobwino."

Anawauza zonse, ndi nambala zomwe. A Glenda anamvetsera akudula banzi pakati kuti lizizire.

"Kulaibulale kumakhala mayi wina Lachiwiri ndi Lachinayi, wothandiza anthu pa mafomu amenewa," anatero. "Salipiritsa. Mawa n'Lachinayi."

"Ndikaulule chuma changa kwa munthu wosamudziwa? Mulaibulale, pamene Kansas yense amadzawerengera nyuzipepala yaulere?"

"Mwakaulula kale pakati pa misomali."

"Glenda, masamu ndimawadziwa. Ngati kompyuta yakana katatu..."

A Glenda anaika manja onse awiri patebulo, zala zotambasula, mfundo zake zonenepa pang'ono kuposa za anthu ena.

"Chuma n'chanu, abambo, sindikukana. Koma manjawa ndi anga. Tipita mawa."

M'mawa mwake anapeza anthu asanu ndi awiri atakhala kale pamipando ya m'khonde la laibulale, aliyense atagwira kanambala kake. Tsiku lomaliza lolembetsa kuti inshulansi iyambe pa 1 Januwale linali Lolemba lotsatira. A Lyle anakokera chipewa kumaso, chikwama cha mapepala atachikumbatira pachifuwa. Itakwana 11 koloko anawaitana.

Mayi Marisol Esquivel anali munthu wamfupi, wa magalasi olendewera pachingwe, ndipo patebulo pawo panali botolo la maswiti a timbewu. Anawerenga mapepala a a Lyle mwakachetechete, kutembenuza tsamba, kubwereranso, kenako anavula magalasi.

"Bambo Unruh, ndikufunseni. Inu ndi mayiwa mumadya chiyani?"

"Timadya bwino," anayankha a Lyle mouma.

"Ndikuona, thupi likuchitira umboni. Koma papepala apa mukufa ndi njala."

A Glenda anaseka mpaka kugwira pakamwa.

"Ndiye vuto lake n'chiyani?" anatero a Lyle. "Si ndiye kuti boma lindithandize kwambiri?"

"Mwadzisaukitsa mopitirira muyezo, bambo. Thandizoli lili ndi khomo. Banja la anthu awiri liyenera kupeza pafupifupi madola 21,000 pachaka kuti lilowe. Osafika pamenepo, amati mupite ku inshulansi ya boma ya osauka. Koma kuno kwathu inshulansi imeneyo salandira akuluakulu opanda ana aang'ono ngati inu. Ndiye mwatsala pakati, uku akuti ndinu osauka kwambiri, uko akuti si inu osauka amene tikufuna."

A Lyle anakhala kukamwa kuli yasa.

"Ndiye pamene ndinatsitsa kufika pa 9,000..."

"Munatsitsanso?" Mayi Esquivel anayang'ana a Glenda. "Amayi, mwamuna wanuyu ndi wakhama."

"Akagwira chinthu sasiya," anatero a Glenda. "Ngakhale chikhale cholakwika."

Mayi Esquivel anatembenuza kompyuta kuti onse aone. Pamalo a zopeza analemba 30,000, kungoyesa. Mitengo yonse inagwa nthawi imodzi. A Lyle anasendera pafupi, chala chili kale pa yotsika kwambiri.

"Iyo! Madola khumi ndi anayi pamwezi!"

"Dikirani kaye. Dokotala wa mayi ndi ndani? Mankhwala ake dzina lake n'chiyani?"

A Glenda anatulutsa kapepala m'chikwama. Mayi Esquivel anafufuza, n'kupukusa mutu. Pa inshulansi yotsika ija dokotala wawo sanalipo, ndipo munthu ankayenera kuyamba walipira yekha madola zikwizikwi kampani isanaikepo kanthu. Anatsegula ina, kenako ina. Yachinayi inali ndi dokotala yemweyo, chipatala chomwecho, mankhwala omwewo. Sanakhulupirire kompyuta yokha. Anaimba foni kuchipatala ku Wichita, n'kudikira mphindi khumi ndi ziwiri nyimbo ikulira m'khutu, mpaka munthu wa kumeneko anatsimikiza kuti inshulansiyo adzailandira chaka chamawa.

"Madola 96 pamwezi, nonse awiri," anatero akuika foni pansi.

A Lyle anayang'ana nambalayo ngati ingathawe.

"Lembani 30,000 yomweyo, mayi. Lembani msanga."

"Ndilemba mukandiuza kumene ichokere. Muli ndi 11,300. Yotsalayo?"

"Ndani adzafunse?"

"A msonkho adzafunsa chaka chikatha. Komanso pansi pa fomuyi mumasaina kuti mukunena zoona, ndipo ine bodza sindilemba. Ndalamazo muzipezedi." Anagogoda ndi cholembera pa limodzi la mapepala a a Lyle. "Masheya awa munagula motchipa kalekale, pano anakwera. Mukagulitsako, phindu lake limawerengedwa ngati zopeza. Ine si katswiri wa misonkho, nambala yeniyeni mukafunse amene amakulemberani za msonkho. Koma njira ndi imeneyo."

"Masheya sindigulitsa."

"Onse ayi. Pang'ono chabe, chaka chilichonse."

"Sindigulitsa," anabwereza a Lyle, mawu atatsika. Anayamba kusonkhanitsa mapepala awo, kuwalinganiza m'mbali ngati kuti ntchito yatha.

Mayi Esquivel sanawakakamize. Anakankhira botolo la maswiti kwa a Glenda, n'kunena kuti apita kukatunga madzi akumwa. Potuluka anatseka chitseko bwinobwino.

M'chipindamo munangomveka kulira kwa paipi yotenthetsa nyumba. A Glenda anavutika ndi kapepala ka switi, kankaterereka m'zala. A Lyle anakatenga, n'kukamasula, n'kuwabwezera.

"Ndikudziwa chimene mukuona," anatero a Glenda. "Mukuona thirakitala ya apongozi ikutuluka pageti."

A Lyle anapitiriza kulinganiza mapepala aja.

"Iwo anachita kulandidwa, Lyle. Inu palibe akukulandani. Zaka zonsezi ndakhala ndikuzimitsa magetsi, kuchapa timatumba ta pulasitiki, kupita kutchuthi kwa achemwali anga chifukwa kogona n'kwaulere. Sindinadandaulepo. Ndinkati bambowa akusungira tsiku lina. Tandiuzani, tsikulo ndi liti? Likuoneka bwanji? Chifukwa ine ndikamayang'ana, likufanana kwambiri ndi lero."

"Ukayamba kugulitsa sulekeza."

"Ndiye ndidzakuletsani ndine. Mwandionapo ndikulephera kukuletsani chinthu?"

A Lyle anatulutsa mpweya m'mphuno, kuseka kosafuna. Anayang'ana manja a akazi awo, kenako pepala lija. Anatulutsa pensulo m'thumba la malaya n'kuyamba kuwerengera kumbuyo kwa envelopu, milomo ikugwedera. Anabwereza kawiri.

"Masheya mazana atatu ndi khumi," anatero. "Mwa zikwi zisanu ndi chimodzi."

"Ayi ndithu, tasauka. Ndikapemphe malo kumsasa wa osowa pokhala?"

Mayi Esquivel atabwerera ndi makapu atatu a madzi anapeza a Lyle atavula chipewa, mapepala atawayalanso patebulo.

"Lembani, mayi," anatero. "Ndigulitsa."

A Lyle anasaina. Mayi Esquivel anawalembera papepala zoyenera kuchita, chimodzichimodzi: kulipira mwezi woyamba Disembala asanathe, apo ayi inshulansi siyamba, kuuza chipatala nambala yatsopano kusanafike pa 8, kuti chipemphe chilolezo cha mankhwala nthawi ilipo, kugulitsa masheya chaka chatsopano chikalowa, osati chino. Pa mfundo yomalizayi anadula mzere kawiri.

"Chifukwa ndakuonani, bambo, ndinu akhama. Mungakagulitse mawa, phindu n'kugwera chaka cholakwika."

Pa 2 Januwale, nthawi ya 9 koloko m'mawa, a Lyle anaimba foni ku kampani yosunga masheya awo. Anavala malaya a kutchalitchi ngakhale kuti woyankhayo sakanawaona. A Glenda anakhala pambali ndi kapu ya khofi. Ntchito imene a Lyle anaiopa zaka makumi anayi inatenga mphindi zinayi.

"Zatheka, bambo Unruh," anatero mayi wa pafoniyo. "Mwina mukudziwa kale, koma poti mwagulitsa mopindula, mutha kuwagulanso lero lomwe ngati mukufuna. Phindu lija liwerengedwabe."

A Lyle anayang'ana akazi awo, foni ili kukhutu. A Glenda anaona nkhope yawo ikuwala ngati ya mwana amene wamubwezera chidole, kenako n'kukhazikika.

"Ayi, zisiyeni," anatero. "Ndalamazo zitumizeni kubanki. Zili ndi ntchito."

Pa 8 anadzuka m'mamawa ulendo wa ku Wichita, msewu uli ndi chipale m'mbali. Kalaliki wa pachipatala anatenga khadi yatsopano ija, n'kulemba nambala, n'kuyang'ana pakompyuta nthawi imene a Lyle anaiona ngati chaka. Kenako anabweza khadiyo akumwetulira, n'kuuza a Glenda kuti alowe. A Lyle anakhala pampando wodikirira maola awiri, magazini ili pamiyendo osaitsegula.

Pobwerera, atafika m'tauni, sanakhote kulowera kunyumba.

"Tikupita kuti?" anafunsa a Glenda, thonje likadali pamkono.

"Lero n'Lachinayi."

M'khonde la laibulale munali modzaza kuposa tsiku lija, chifukwa kunatsala sabata imodzi kuti kulembetsa kutsekeretu. Panali mayi wa mwana kumanja, mlimi wa nsapato zamatope, atsikana awiri ovala yunifolomu ya kumalo odyera. A Glenda anati angosuzumira pakhomo, anene mawu awiri, azipita.

"Anthuwa abwera kale," anatero a Lyle. Anang'amba kanambala pakhoma n'kukhala kumapeto kwa mzere.

"Inu, ndi nambala 23 imeneyo. Ali pa 14."

"Ndili ndi ntchito yanji ine?"

A Glenda anakabwereka buku n'kudzakhala pambali pawo. Mlimi uja anayamba kudandaula kuti kompyuta yamukana kawiri, ndipo a Lyle, amene mwezi wapitawo ankabisa nkhope m'chipewa pamalo omwewo, anamuuza kuti asataye mtima, mayi ali mkatimo amaona zimene kompyuta siona. Dzuwa linapendeka, mipando n'kumatha umodziumodzi. Itatsala pang'ono kukwana 4 koloko anamva nambala yawo.

Mayi Esquivel atawaona anagwetsa mapewa. Maso awo anali ofiira ndi kutopa, ndipo botolo la maswiti linali litatsala awiri.

"Mayo, bambo Unruh! Chalakwika n'chiyani? Khadi yakana? Musandiuze kuti munagulitsa mu Disembala."

"Palibe chalakwika. Diripi alandira lero m'mawa."

"Nanga?"

A Lyle anaimirira pakati pa chipinda, chipewa chili m'manja, akuchizunguza. Mawu amene anawakonza m'galimoto njira yonse yochokera ku Wichita anabalalika.

"Ndimati ndidzangonena kuti zikomo," anatero. "Mwatithandiza, mayi. Zikomo kwambiri."

Mayi Esquivel anayang'ana kanambala kamene kanali m'dzanja lawo, n'kuyang'ana wotchi.

"Mwadikira maola awiri ndi theka chifukwa cha zimenezo?"

"Ndinakuuzani," anatero a Glenda ali pakhomo. "Akagwira chinthu."

Mayi Esquivel anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja. Kenako analoza mpando.

"Ndiye khalani pansi," anatero. "Nambala iliyonse ili ndi mphindi makumi awiri, ndipo zanuzi sindikupatsa wina. Tandiuzani, mayi, mwayenda bwanji ku Wichita?"